Dzanja Lolemera

6 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, achimwene ndi onse kumeneko. Ine ndili bwino, kungoti ndatopa ndi kuimbira foni yanu yomwe imangokhala m'kabati. Munati mawu a pafoni sasungika, ndiye nayi kalata, muisunge.

Ntchito ndinayamba pa 1. Andiika m'chipinda chounikira, chitseko chachitatu ukadutsa polandirira mankhwala. Muli bedi limodzi, sinki, makatani okhuthala, ndi makina a sikani amene ndinawaphunzira zaka zinayi. Wamkulu wanga ndi mayi wachikulire amene aliyense amawatchula kuti a Mafuta, chifukwa akamaunika munthu amathira jelo, mafuta oterera aja, ngati amatunga pachitsime. Wodwala mmodzi amatha naye theka la ola. Ine ndingathe atatu pa nthawi yomweyo, koma sanandilolebe kuunika ndekha. Chipinda chino chikufunika kugwedezedwa, ndipo ndichigwedeza.

Koma nkhani ndi manja anu. Amayi, nyamakazi si matenda ongopirira ayi. Ilipo yobwera ndi ukalamba, mafupa akaperepeseka, ndipo ilipo ina imene thupi limadziukira lokha: kachikopa ka mkati mwa mfundo kamatupa, magazi n'kumathamangira pamenepo, kenako kamayamba kudya fupa. Makina athuwa amaona zimenezo fupa lisanadyeke. Timaika kamutu ka makinawo pa mfundo ya chala, pagalasi n'kuoneka mkati monse. Pomwe kutupa kuli ndi mphamvu pamayaka kufiira ngati makala. Adokotala akaona kufiirako amayambitsa mankhwala amphamvu ozimitsa motowo. Tikachedwa, zala zimapindika osawongokanso. Ndinu telala, mukudziwa chomwe ndikunena. Bwerani mwezi uno.

Chinanso. Kalata yanu yapitayi ndinaona kuti si dzanja lanu, ndi la alamu. Vuto palibe. Koma pomwe munati "Manja anga andipesa, Manja anga andimangira mabatani," ndinachita kuwerenga kawiri kuti ndizindikire kuti Manja anga ndi dzina la akazi a achimwene. Labwino dzinalo. Ine munandipatsa la Phuma ndili ndi zaka zisanu, ndipo ngakhale digiri yalephera kulifafaniza.

Ndiyankheni msanga.

Mzime wanu,
Phuma

19 Malichi

Phuma mwana wanga,

Moni wako talandira. Kuno tili bwino, achimwene ako akulimbana ndi magalimoto awo ku galaja. Akulembawa ndi alamu ako, ine ndikungoyankhula, cholembera chimandipulumuka.

Za sikaniyo ndamva, ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Sikani si ya amayi apakati kodi? Ine wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndikakhale pa benchi pakati pa atsikana a mimba zawo, wina andifunse kuti agogo, yanuyo ndi ya miyezi ingati? Bambo ako anatisiya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, anthu adzati chiyani? Mayi wa sitolo imene timasokera pakhonde pake anangomva mawu oti sikani kwa alamu ako, pomwepo n'kufunsa kuti kodi kunyumba kuli uthenga wabwino. Tsopano msewu wonse ukuyang'ana pamimba pa alamu ako.

Manjawa m'mawa amakhala ngati a munthu wina. Alamu ako amawaviika m'beseni la madzi ofunda kufikira dzuwa litafika pazenera, ndiye pamene zala zimayamba kundimvera. Sizasi sindingaithe. Ine ndimajambula ndi choko, iwo n'kudula ndi kusoka. Dzanja lawo ndi lopepuka, nsalu saikankha, amangoiperekeza. Makasitomala akavala sazindikira kuti wasoka ndi wina.

Usakwiye ndi dzina. Dzina ndi dzina.

Mayi ako

Alamu, tsopano ndine mlamu wanu. Ndaikamo pepala la manja a amayi, ndinawagoneka papepalapo n'kuzunguliza pensulo. Pomwe pali mtanda ndi pomwe pamatupa ndi kutentha m'mawa. Ndakhala ndikuyang'anira masabata asanu ndi limodzi. Mwina akuchipatala lingawathandize.

24 Malichi

Achimwene,

Moni. Kalata iyi ndaitumiza ku galaja dala, muwerenge nokha.

Mundiuze zoona: amene akukana kubwera ndi amayi, kapena ndi amene akugwira cholembera? Nthabwala ya miyezi ingati ndi ya amayi, ndaimva fungo lake. Koma zoti "dzanja lawo ndi lopepuka," munthu angadzilembere yekha osachita manyazi? Ine ndinakulira pansi pa makina osokera aja, kutola tizidutswa ta nsalu. Nditapempha kuti andiphunzitse anandipatsa tsiku limodzi lokha. Singano ziwiri zitathyoka anati, "Dzanja lako ndi lolemera, pita ukawerenge." Ndinapita, ndinawerenga. Lero wobwera dzana ndi amene wapatsidwa sizasi, tepi, mpando, ngakhale dzina.

Taganizani bwino. Amayi akachira abwerera pa makina. Akabwerera pa makina, akazi anu abwerera pa simbi kukasita zosoka ena. Ndani angakonde zimenezo? Sindikunena kanthu, ndikungofunsa.

Anditumiziranso manja ojambula ndi pensulo, ngati a mwana wa sitandade wani, odzaza mitanda. Ine ndili ndi makina oona mkati mwa mfundo, wina akundiphunzitsa ntchito ndi pensulo. Ndaponya m'dilowa.

Auzeni amayi kuti sikani si ya mimba yokha. Timaunika chiwindi, impso, khosi, ngakhale madoda a ndevu zawo amagona pabedi lomweli. Abwere Lachiwiri pa 21 Epulo. Sabata imeneyo a Mafuta adzakhala ku msonkhano, ndidzawaunika ndekha, aone chomwe mwana wawo anakawerenga.

Mlongo wanu

9 Epulo

Iwe Phuma,

Ndalandira. Tili bwino, kupatula kuti kalata yako ndaiwerengera pansi pa minibasi, n'kudzigunda mutu pa chitsulo chifukwa cha kuseka. Nsanje yako ili ndi digiri tsopano?

Alamu ako amadzuka ine ndikadali m'bulangete, kutereka madzi a amayi, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapesa. Ngati kumeneko n'kuba makina, ndiye wakubayo ndi wakhama. Koma zanuzo sindilowamo. Ine ndi makaniko, ndimadziwa chimodzi: galimoto ikamalira umayamba wafunsa amene amaiyendetsa tsiku ndi tsiku, ngakhale uli ndi kompyuta yoyezera.

Amayi avomera. Sindinawagonjetse ine, ndi alamu ako omwewo amene ukuti sakufuna kuti achire. Anawauza kuti, "Mukapanda kupita, alamu adzati ndakutsekerezani ndine." Amayi anati ndiye tiyeni, koma ndidzavala diresi lothina kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu.

Tifika pa 21 ndi basi yam'mawa. Alamu ako atsala, pali mayunifomu a sukulu ofunika kumaliza. Udzatidikire pageti.

Achimwene ako

23 Epulo

Achimwene,

Ndikhulupirira munafika bwino. Zina sindikanatha kunena amayi ali pomwepo, inunso munali panja pa benchi kucheza ndi amayi apakati aja ngati mimba zonsezo ndi zanu.

Ndinaunika mfundo zonse za zala, manja onse awiri, ndi pomwe pamakhala wotchi. Mphindi khumi ndi ziwiri zokha, akanakhala a Mafuta bwenzi akadali kufinya botolo. Kamutu ndinakagwira zolimba kuti chithunzi chisagwedezeke, n'kuyatsa mbali yoonetsa kuyenda kwa magazi. Mukudziwa chomwe ndinaona? Palibe. Kufiira ngakhale kadontho. Kachikopa n'kokhuthalako mwina ndi mwina, koma moto mulibe. Amayi sanadandaule ngakhale kamodzi, anangoyang'ana kudenga. Adokotala anali ndi mzere wofika panja. Anawerenga lipoti langa, anati mankhwala amphamvu aja sakufunika pakali pano, n'kulemba opha ululu.

Tsono ndifunse, matenda aakulu aja ali kuti? Munthu ukamamuuza m'mawa uliwonse kuti simungathe, khalani pansi, ndikuvekeni, ndikumwetseni, mapeto ake amaiwaladi kumanga batani. Amayi sanalumale, awalumalitsa ndi chisamaliro. Mitanda ya pensulo ija makina anga sanaione.

Ndiye zikhale chonchi. Beseni lija lithe. Amayi abwerere pa mpando wawo, agwire sizasi, zala zikumbukire ntchito. Akazi anu abweze tepi. Musawauze mwaukali, koma muwauze.

Potsanzikana amayi anandigwira tsaya n'kunena kuti, "Wakula Phuma." Ndisanamalize n'komwe kukondwa anafunsa ngati pafupi pali sitolo ya ulusi wabuluu, akuti Manja awo anawatuma. Ulendo wonsewo, kubwera kwa ine, koma mutu uli kwa iyeyo.

Mlongo wanu

18 Meyi

Amayi, achimwene,

Moni nonse. Masabata atatu ndi theka kuli zii. Foni ya achimwene ikungoitana. Ngati ndalakwa kunena zoona, ndiuzeni. Amayi ayamba kusoka? Mapiritsi akuthandiza? Yankho alembe achimwene, chonde.

Phuma

2 Juni

Alamu,

Moni. Munapempha kuti alembe achimwene anu, koma akuti akagwira cholembera alemba zoti mudzadane mpaka kumanda, ndiye ndalemba ine. Ino ndi yanga, amayi sakudziwa.

Makalata anu ndinawapeza m'thumba la ovolosi ndikuchapa. Onse awiri. Tsiku loyamba sindinakwiye, ndinakwiya lachiwiri. Ndinabweza tepi, sizasi ndi mpando. Beseni ndinalikoloweka pamsomali. Ndinati mwina n'zoona, ine sukulu ndinalekezera fomu 2, makina sanama.

Amayi anayesa, alamu. Anati mwana wanga waona mkati, akuti mulibe kanthu, ndiye kuti ndi ulesi wanga. Tsiku loyamba anadula siketi imodzi kuyambira m'mawa mpaka masana. Patapita masiku atatu sizasi inaterereka, diresi la mwini linang'ambika pachifuwa. Sabata yathayi ndinawapeza kubafa atakhala pansi, alephera kutsegula mpopi, ndipo sanandiitane kuopa kuti mudzamva. Chala cholozera cha kumanja chayamba kupotoka, chikuloza kumbali. Beseni ndalitsitsa. Mundikwiyire.

Pali chimene muyenera kudziwa. Atabwerako kumeneko manja anawawa kuposa kale masiku awiri. Ndinawafunsa ngati sikani imapweteka. Anati, "Ankandikanikiza ngati akudinda chidindo, misozi inafika m'maso, ndiye ndinayang'ana kudenga. Koma ndikanati mayo pamaso pa anamwino, ulendo wake woyamba kugwira yekha, akanamuona bwanji mwana wanga?" Ine za makina anu sindizidziwa. Ndimangodziwa kuti chotupa ukachikanikiza ndi chala chimayera, magazi amathawa.

Za dzina lija, mukuganiza kuti ndi lokoma? Ine ndimawaveka, koma akavala amatenga chithunzi chanu chovala gauni ya digiri n'kumaonetsa kasitomala aliyense, ngakhale wongobwera kudzasoketsa zipi. "Uyu ndiye anatenga mutu wonse wa m'nyumba muno." Ine ndili pomwepo, mapini ali pakamwa. Manja sawaonetsa kwa alendo, alamu, amangowatuma. Tsiku lina tidzasinthane sabata imodzi, tione amene adzayambe kulira.

Mlamu wanu

8 Juni

Alamu,

Kalata yanu ndinaiwerenga chiimirire pa sinki, kenako ndinatsegula zithunzi za amayi n'kuitana a Mafuta. Sindinawauze kuti ndi za ndani. Anavala magalasi, anayang'ana chithunzi choyamba chokha, n'kufunsa kuti, "Jelo ali kuti?"

Ndinati anathiridwa.

"Anathiridwa ngati akudzoza mwana wopita kusukulu. Pamwamba pa chithunzi payenera kuoneka mzere wakuda wa jelo, kusonyeza kuti kamutu kakuyandama. Apa khungu laphwatalala. Timitsempha ta m'chotupa ndi tating'ono kuposa ulusi, mukakanikiza timatsekeka, makina n'kukuuzani kuti kuli bata. Waunika uyu ndani, wokhoma misomali?"

Ndinati ndine, ndipo manjawo ndi a mayi anga.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Wakwanu suunika wekha, umapita ukudziwa kale chomwe ukufuna kuona." Anandigwira dzanja, anathira jelo mulu pa mfundo yanga, kamutu kali m'zala zitatu, kachala kawo kakang'ono katatsamira pakhungu langa. Sindinamve kanthu kupatula kuzizira. Zaka zinayi, alamu. Zimenezi ndinazilemba pa mayeso n'kukhoza. Inu mwazionera pa beseni.

Ndapita kwa adokotala kukabweza lipoti langa ndi pakamwa panga. Andilembera kalata yochenjeza, ndipo miyezi itatu sindigwira makina popanda a Mafuta pambali. Zimenezo ndi zanga. Za amayi ndi izi: abwere Lolemba pa 15, ndipo mubwere nawo inuyo, osati achimwene. Pepala lanu la mitanda ndalitulutsa m'dilowa. A Mafuta akuti adzayambira pamenepo, ndipo akufunsa ngati muli ndi lina la masabata apitawa. Akutinso manja asadzalowe m'chipinda ali ozizira, kuzizira nakonso kumabisa moto. Beseni ndigula kuno.

Kupepesa ndidzachita pamaso, papepala n'kophweka kwambiri. Koma musaganize kuti nsanje yatha. Pano ndikuchita nsanje kuti munaona ndinu.

Mlamu wanu,
Phuma

17 Juni

Achimwene,

Amayi ndi alamu akubwera mawa ndi basi yamasana, mukawachingamire.

A Mafuta anatenga mphindi makumi anayi. Pepala latsopano la alamu analimata pambali pa galasi. Mtanda woyamba, kufiira. Wachiwiri, kufiira. Mitanda khumi ndi umodzi, ndipo yonse inayaka ngati makala a m'simbi. Amayi anasuzumira n'kunena kuti, "Ndiye mwana wake ndi ameneyu? Koma wafiira." A Mafuta anaseka mpaka kupukuta magalasi. Ine sindinaseke, chifukwa pa chala cholozera cha kumanja fupa ladyeka kale, pali kadzenje ngati pomwe njenjete yaluma nsalu. Pa zithunzi zanga za mu Epulo, zoipa zomwezo, fupalo linali losalala. Chala chimenecho sichidzawongoka. Zotsalazo adokotala akuti tazipeza nthawi ikadalipo.

Mankhwala ayamba. Ndi akumwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, muziwakumbutsana, ndipo magazi aziyezedwa mwezi ndi mwezi. Pofotokoza, adokotala ankayang'ana alamu, osati ine. Zinandiwawa, koma ndikanakhala iwo ndikanayang'ana komweko.

Alamu ndinawapepesa. Anati amva, kenako anandipatsa thaulo kuti ndipukute jelo m'manja mwa amayi, iwo n'kuima pambali kuyang'anira. Kawiri konse anati, "Pang'onopang'ono, alamu." Ndinamvera, n'kupepukitsa dzanja. Mukhoza kuseka, koma muyambe mwatuluka pansi pa galimoto.

Mlongo wanu

4 Okutobala

Phuma,

Ona dzanja. Ndi langa. Zilembo zikupendama chifukwa cholembera ndachigwira ndi chala chapakati, cholozera chija chimangoloza kwa aneba. Ndinayamba dzulo, ndamaliza lero.

Beseni tsopano ndi la mphindi khumi basi. Mabatani ndikumanga ndekha. Sizasi ikadali ya alamu ako, ine ndabwerera pa makina. Masiku ano iwo ndi amene akudzuka ndi nseru, ndiye madzi ofunda ndikutereka ndine. Inde, wamva bwino. Msewu unayang'ana pamimba mpaka zachitika. Akuti sikani adzachitira kwa iwe, a Mafuta ali pambali. Ndawafunsa ngati aganiza bwino, ati inde. Mdzukulu wanga usadzamudinde.

Chala usachilire. Unakanikiza ndiwe, koma ndinakhala chete ndine, tigawane. Ukabwera pa holide ndidzakukhazika pa makina, tidzathyole singano zina. Tsiku limodzi lija linachepa. Ndinali ndi phuma.

Mayi ako